Wailesi Abwereka Mawu a Azakhali

1. Kusamba matope

Dzina lakuti Wailesi sanadzipatse yekha. Anamupatsa ndi anzake a kusukulu, chifukwa mtsikanayu akangomva munthu akulankhula lero, mawa lake ankalankhula ngati munthuyo ndendende. Ankatha mawu a aphunzitsi aakulu, a kondakitala wa basi, ngakhale a abusa akamatseka pemphero. Amayi ake ankati mwanayu anabadwa ndi anthu ambiri m'kamwa, ndipo onsewo ndi olongolola.

Lachitatu lililonse akaweruka kusukulu, Wailesi ankathamangira ku shopu ya telala imene inali kuseri kwa msika. Mwini shopuyo anali mayi wamfupi, wa magalasi olendewera pakhosi, amene anakhalapo khansala wa dera lawo. Atagwa pa chisankho anabwerera ku makina ake osokera, koma dzina linawakanirira. Aliyense ankangoti Akhansala Akale, ndipo iwo ankavomera ndi mtima wonse.

M'shopumo munkasonkhana atsikana, pamodzi ndi achinyamata ena amene anthu sawapatsa malo pagulu. Amenewa ku misonkhano ya ndale ankaitanidwa kukasesa, kukayala mipando ndi kukaomba m'manja. Akhansala Akale ankafuna kuti azipitako kukalankhula.

Kaphunzitsidwe kawo kanali kachilendo. Ankavundikira kreti pakati pa shopu, wolankhula n'kukwerapo, atagwira botolo la mafuta a makina m'malo mwa maikolofoni. Ena onse ankakhala pa mitolo ya nsalu n'kumamukuwiza, kumuseka ndi kumudula mawu. Zimenezi ankazitcha kusamba matope.

"Ana inu," ankatero Akhansala Akale, singano ili pakona pa kamwa, "walira mvula walira matope. Mukufuna kuti anthu akumveni? Dziwani kuti asanakumveni ayamba akuyezani. Adzaseka nsapato zanu, adzafunsa ngati mwakwatiwa, adzakuuzani kuti kwanu kwatsala mbale zosatsuka. Ine ndikufuna mawu amenewo muyambe mwawamva muno, pakati pa anthu okukondani, kuti mukakawamva kunjako akhale atatha kale ululu. Amene akukuwiza mnzake asamumvere chisoni. Chisoni cha muno ndicho chimakagwetsa munthu pagulu."

Pa ntchito yokuwizayo Wailesi analibe mnzake. Yekha ankakwanira kukhala holo yonse.

2. Msuweni wa pa shedi ya njinga

Wailesi anali ndi msuweni wake, mwana wa azakhali ake, amene ankakonza njinga pa shedi ya malata m'mbali mwa msika. Anthu ankamutcha Sipanala. Pamene ankabadwa, azamba anati kwabadwa mtsikana. Koma iye atakula anati dzina la mtsikana limamuthina, la mnyamata nalo silimukwana bwino.

"Ndine Sipanala basi," ankatero. "Njinga yanu yatani?"

Ankavala ovolosi yabuluu, tsitsi ankameta lonse, ndipo m'zikhadabo mwake mafuta sankathamo. Iye ndi Wailesi anakulira limodzi, kulimbirana bulangete limodzi ndi kukwapulidwa tsiku limodzi. Pokhala asuweni, akakumana moni wawo unali chipongwe.

"Wailesi yopanda chozimitsira yafika," ankatero Sipanala.

"Ndabwera kudzaona ngati wasamba mwezi uno," ankayankha Wailesi.

Tsono khonsolo inalengeza msonkhano wa anthu onse a m'deralo, ndipo achinyamata anapatsidwa mwayi wakuti mmodzi alankhule. Gulu la m'shopu linagwirizana kuti nkhani ikhale ya ngalande ya kuseri kwa msika. Ngalandeyo inatsekeka kalekale, moti mvula ikagwa madzi onyansa ankasefukira pamene amayi amagulitsa masamba ndi tomato. Mmodzi mwa amayiwo anali mayi ake a Sipanala.

Atafunsana amene angalankhule, Sipanala anakweza dzanja. Anzake anamusankha ndi chimwemwe, koma Akhansala Akale anavala magalasi n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Ukudziwa zimene akakufunse?"

"Amandifunsa tsiku lililonse, Mayi."

"Chabwino. Koma ukayamba, ukamalize. Ukakatsika usanamalize, akuluakulu aja adzati ana tinawapatsa mpata, anaulephera okha. Kwera pa kreti."

Sipanala anakwera, nayamba kunena za ngalande. Nthawi yomweyo matope anayamba kuuluka. Amapasa awiri oluka tsitsi anakuwa kuti atsike akasambe. Wailesi anatulutsa mawu a bambo woledzera.

"Iwe! Tiyambe tadziwa, ndiwe mwamuna kapena mkazi?"

"Ndine amene ndinakukonzerani mabuleki, bambo," anayankha Sipanala osaphethira. "Tsopano za ngalande."

M'shopu monse munali chikhakhali. Wailesi anayesa mawu a kondakitala, anayesa a mayi wamiseche, anayesa a mnyamata wachipani amene amadziona ngati nduna. Zonsezo kwa Sipanala zinali ngati madzi pa nsana wa bakha. Anamaliza nkhani yake, nadumpha pa kreti ngati ngwazi.

Onse anaomba m'manja, kupatula Akhansala Akale amene anangopitiriza kutunga ulusi.

3. Chimene chinagwetsa Akhansala

Anzake atabalalika, Wailesi anatsala kuti asese tizidutswa ta nsalu. Akhansala Akale anamukodola ndi chala.

"Lero mwaseweretsa nthawi yanga," anatero.

"Koma Mayi, ndamutukwana mpaka kukhosi kwauma!"

"Khala apa, ndikuuze. Msuweni wakoyu mwano wa anthu a m'njira anauzolowera, khungu linakhakhala. Mukumugenda pamene pali chipsera, m'malo mofufuza pamene pali chilonda. Ine ukundionayu, ndinatukwanidwa m'misonkhano mpaka makutu anachita dzanzi, koma sindinatsikepo pa nsanja. Tsiku limene ndinatsika, panalibe amene anatukwana. Anaimirira ndi achimwene anga, amene anandilera bambo atamwalira. Anavula chipewa n'kunena mofatsa kuti, 'Mlongo wanga, tiye kunyumba, zakwana.' Mawu onse amene ndinakonza anathawa. Ndinatsika ndekha, anthu akuona, ndipo chisankho ndinagwera pomwepo. Mdani akakukuwiza, magazi amatentha, umalimba. Koma wokukonda akakuchonderera, mawondo amasungunuka. Zimenezo palibe anandiphunzitsa."

Wailesi anatsamira tsache.

"Tsono ndikufunse. Alipo munthu amene Sipanala sangathe kumuyankha?"

Wailesi ankamudziwa munthuyo, ndipo mawu ake ankawatha kuposa a wina aliyense. Kungoti sanawatulutsepo pagulu, ngakhale moseka.

"Alipo," anatero motsitsa.

"Usanditchulire. Ndiponso sindikukutuma, wamva? Iweyo ndi msuweni wako ndinu magazi amodzi, ine ndine wosoka zovala chabe. Ukachita, akhoza kudana nawe, mwina kwa nthawi yaitali. Ukapanda kuchita, adzakukonda ngati kale, koma akhoza kukakumana nazo koyamba pamaso pa holo yodzaza. Kasankhe wekha. Tsache libwezere kuseri kwa chitseko."

4. Mapazi a azakhali

Loweruka m'mawa mvula itakata, amayi ake anamutuma Wailesi ku msika. Anawapeza azakhali ake ataima pa njerwa ziwiri, madzi akuda akuyenda pansi pa benchi lawo. Mapazi awo anali atayera ndi kunyowa, ndipo pakati pa zala panali zilonda zimene ankapakapo mankhwala ofiirira.

"Mwana wa achimwene anga!" anafuula atamuona. "Bwera kuno, wawonda bwanji? Amayi ako akukumana chakudya?"

Anamuikira tomato wambiri kuposa amene anatumidwa, n'kuwonjezera nthochi yoti adye m'njira. Kenaka anamukokera pafupi.

"Ndamva mphekesera kuti msuweni wako uja akufuna kukalankhula ku msonkhano. Ndi zoona?"

Wailesi anayang'ana nthochi ija ngati sanaionepo nthochi chibadwire.

"Iwe amakumvera, umuuze," anapitiriza azakhali. "Ine mwana wanga sindinamukanepo. Avale chimene wafuna, adzitche chimene wafuna, m'nyumba mwanga adya ndipo agona. Koma pa shedi paja ndi pabwino, anthu anamuzolowera. Akakaima kutsogolo, dera lonse limuloza chala, ndipo anthu ena ndi zilombo. Ndili naye mmodzi yekhayo. Bola mapazi angawa awole, kusiyana n'kuti andipwetekere mwana."

Ananena mawuwa mofatsa, akukoka mpweya pakati, monga ankachitira akakhala ndi mantha. Wailesi anawamvera chisoni, koma khutu lake linagwira ntchito yake losatumidwa. Linasunga zonse.

Masana akutsuka mbale kuseri kwa nyumba, anayesa mawu aja chapansipansi. Sanadziwe kuti amayi ake aima pakhomo.

"Mlamu, mwabwera nthawi yanji?" anatero amayiwo akusuzumira. Ataona kuti pali Wailesi yekha, nkhope inasintha. "Iwe, mawu a azakhali ako ukutani nawo?"

Wailesi anafotokoza zonse, popeza kunama kwa amayi ake sankakutha.

"Mwana iwe, tamvera," anatero amayiwo atakhala pa ndowa yovundikira. "Kuseka kondakitala seka, kuseka aphunzitsi ndi iwe ndi chikwapu chako. Koma mawu a kholo si chidole. Azakhali akowa anakubereka kumsana ine ndili m'chipatala, anakutafunira chakudya uli wopanda mano. Lero utenge mantha awo ukawaseweretse m'shopu ya telala? Nanga msuweni wakoyo, amene amakukonzera njinga ndi kukuperekeza kukada, ukamulase ndi mawu a mayi ake omwe? Ndale zimabwera n'kupita, makhansala amalowa n'kutuluka, koma pa maliro ako adzakhala pafupi ndi bokosi ndi abale ako. Ukaswa chibale chifukwa cha ngalande, usadzabwere kwa ine ukulira."

"Nanga akakagwa pagulu, amayi?"

Amayiwo anaimirira n'kutenga ndowa yawo.

"Mbalezo utsukenso, zili ndi sopo," anatero.

5. Lachitatu lomaliza

Lachitatu lomaliza msonkhano usanachitike, m'shopu munadzaza. Sipanala anafika akuimba mluzu, nakwera pa kreti osadikira kuuzidwa.

"Lero ndiye mulimbikire," anatero. "Sabata yatha munkandisisita."

Anayamba bwino. Ananena za madzi onunkha, za makasitomala amene amathawa, za ana amene amadwala m'mimba. Amapasa anakuwa zawo zija, iye n'kuwayankha akumwetulira. Wina anaponya kachidutswa ka nsalu, iye n'kukawakha.

Wailesi anali atakhala kumbuyo, pafupi ndi chidole chopachikapo madiresi, osatsegula pakamwa. Sipanala anamuona.

"Wailesi yatha mabatire lero?"

Anthu anaseka. Akhansala Akale sanatembenuke n'komwe, anangopitiriza kupinda mpendero wa siketi. Wailesi anayang'ana msuweni wake. Ankamukonda kwambiri, ndipo chikondi chomwecho ndicho chinamuimiritsa.

"Mwananga."

Mawuwo anatuluka ofewa, otopa, okoka mpweya pakati. Amapasa anatembenukira kukhomo, poganiza kuti mayi wa tomato uja walowa.

"Mwananga, tsika. Ndakupempha ine mayi ako. Anthuwa akupweteka, ndipo ine ndilibe wina. Mapazi ndi anga, asiye awole. Chonde, chonde, tiye kunyumba."

Botolo la mafuta linatsika pang'onopang'ono kuchoka pakamwa pa Sipanala. Anatsegula pakamwa, koma palibe chinatuluka. Munthu amene ankayankha zidakwa osaphethira anaima pa kreti ngati mwana wotayika pa depoti.

Kenaka anatsika. Anaika botolo pa tebulo mosamala, natuluka osayang'ana munthu.

"Wailesi, ndiwe mfiti!" anakuwa mmodzi wa amapasa. "Zimenezo n'zochita kwa m'bale wako?"

"Musiyeni," anatero Akhansala Akale. "Wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo wina asamutsatire Sipanala, ayende yekha."

Wailesi anakhala pa mtolo wa nsalu, misozi ili chuchuchu. Akhansala Akale anamupatsa kansalu kopukutira, koma sanamuuze kuti wachita bwino.

6. Pa shedi

Mawa lake akuchokera kusukulu, Wailesi anadzera ku shedi. Anamupeza Sipanala atagwada, akumiza chubu m'beseni la madzi kufunafuna pobooka. Panalibe moni wachipongwe.

"Msuweni," anatero Wailesi.

Sipanala anatembenuza chubu, timathovu n'kutuluka. Anaikapo chala.

"Unandivula pagulu," anatero osadzutsa mutu.

"Ndikudziwa."

"Ukanandiuza kaye."

"Azakhali sakakuuza kaye."

Sipanala anapukuta chubu pa ovolosi, nayamba kuchikwecha ndi msasa. Anakwecha nthawi yaitali kuposa mmene pafunikira.

"Anakuuza okha mawu amenewo?"

"Loweruka, ku msika. Anandituma kuti ndikuletse."

"Ndiye iwe m'malo mondiletsa, unakawaimba pa wailesi." Anaseka pang'ono, koma kuseka kopanda mano. "Pita, ndili ndi ntchito."

"Ukalankhula?"

"Ndati pita."

Wailesi anapita. Masiku otsatirawo ankadutsa pa shedi m'mawa ndi madzulo, koma Sipanala ankapezeka kuti wawerama pa njinga. Ku nyumba amayi ake sanafunse kanthu, ankangomuikira chakudya chochuluka, chimene iye ankachisiya.

7. M'holo ya khonsolo

Tsiku la msonkhano holo inadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Kutsogolo kunali tebulo loyalidwa nsalu yoyera, pamene panakhala wapampando, khansala watsopano ndi akuluakulu ena. Gulu la m'shopu linakhala pa benchi limodzi chapakati. Malo a Sipanala anali opanda munthu.

Amayi a mumsika analowa mochedwa, ataphimba katundu wawo. Pakati pawo Wailesi anaona azakhali ake.

Akuluakulu analankhula za misewu, za misonkho, za mbiri ya dera kuyambira makedzana. Anthu anayamba kuyasamula. Pomaliza wapampando anasuzumira pa pepala lake.

"Tsopano achinyamata. Alipo woti alankhule, kapena tipitirire?"

Amapasa anayang'anana. Akhansala Akale anavula magalasi n'kuwavalanso. Wapampando anali atatsegula kale pakamwa kuti apitirire, pamene mawu anamveka kuchokera kukhomo.

"Alipo."

Sipanala anadutsa pakati pa mabenchi atavala ovolosi yake yomwe ija, koma yochapa ndi yosita mpaka mizere kuoneka. Anthu anayamba kunong'onezana. Atangogwira maikolofoni, bambo wina kumbuyo anakuwa.

"Tiuze kaye, ndiwe mnyamata kapena mtsikana?"

Holo inaseka. Sipanala anadikira kuti phokoso litsike, monga anaphunzirira pa kreti.

"Ngalande sinandifunsepo zimenezo, bambo. Imangosefukira tonse."

Ena anaseka, ena anaomba m'manja, ndipo iye analowa m'nkhani yake. Ananena za fungo, za ntchentche, za ana otsegula m'mimba. Bambo uja sanakhutire. Anaimirira pamodzi ndi anzake awiri, akuloza chala ndi kunena mawu oipa amene sitingawalembe m'buku la ana asukulu. Mmodzi anayamba kusuntha benchi kuti adutse.

Pamenepo azakhali anaimirira.

"Mwananga."

Sanakweze mawu, koma holo yonse inamva. Ngakhale abambo aja anaima.

"Mwananga, tsika. Ndakupempha ine mayi ako. Ukuwaona anthuwa? Tiye kunyumba, chonde."

Wailesi anagwira dzanja la Akhansala Akale osadziwa kuti waligwira. Kutsogolo kuja maikolofoni inatsika pang'ono kuchoka pakamwa pa Sipanala. Anayang'ana pansi, nakoka mpweya wautali, kenaka anadzutsa mutu n'kuyang'ana mayi ake m'maso.

"Amayi, ndakumvani," anatero, mawu akugwedera koma akumveka. "Ndikudziwa kuti mukuopa, inenso ndikuopa. Kunyumba tipita limodzi, koma ndimalize kaye. Mwandisamalira moyo wanga wonse mutaima m'madzi amene aja. Lero ndiloleni ndiime ine."

Kenaka anatembenukira ku tebulo la akuluakulu.

"A wapampando, mayi amene aimawo ndi mayi anga. Sindikuuzani kuti muone mapazi awo, chifukwa ndi a ulemu wawo. Koma mayi aliyense wa mumsika amene ali muno akudziwa chimene ndikunena."

"Tikudziwa!" anafuula mayi wina wogulitsa masamba. Anzake anavomereza, ena akuimirira, mpaka abambo aja anasowa podutsa n'kukhala pansi okha. Sipanala anamaliza nkhani yake yonse, napempha kuti ngalande itsegulidwe mvula isanakule, ndiponso kuti m'komiti yoyang'anira ntchitoyo mukhale wachinyamata. Wapampando anati akaona, ndipo amayi a mumsika anamuuza kuti akaone msanga.

Azakhali sanakhale pansi, ndipo sanaombe m'manja. Anaima mpaka mwana wawo atabweza maikolofoni, kenaka anatuluka mwakachetechete.

8. Pakhomo la holo

Msonkhano utatha, gulu la m'shopu linamuzinga Sipanala. Amapasa ankalira ndi kuseka nthawi imodzi. Akhansala Akale anangomukonza kolala ya ovolosi n'kunena kuti batani lina latsala pang'ono kuthothoka, abwere nalo Lachitatu.

Wailesi anaima patali, osadziwa ngati ali ndi malo pamenepo. Sipanala anadzipatula kwa anzake n'kubwera, manja ali m'matumba.

"Wailesi yako ndi yabodza," anatero.

"Bwanji?"

"Unati 'chonde' kawiri. Amayi amanena kamodzi."

Wailesi anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka chinali kulira. Sipanala anamukoka n'kumukumbatira mwamphamvu, fungo la sopo ndi mafuta a njinga lili thoo.

"Usiku uliwonse ndinkakuyankha iwe m'mutu," anamunong'oneza. "Ukanapanda kundigwetsa pa kreti paja, ndikanagwa apa. Koma usadzabwerezenso, ndidzakumasula mano ndi sipanala."

Khansala watsopano anatuma munthu kudzaitana Sipanala, ndipo Wailesi anatuluka yekha kukapuma mpweya. Panja, pamthunzi wa khoma, anapeza azakhali ake atakhala pa sitepe, atavula nsapato imodzi. Maso awo anali ofiira. Kuthawa kunali kosatheka, chifukwa anali atamuona kale.

"Bwera kuno, mwana wa achimwene anga."

Wailesi anapita n'kugwada pambali pawo.

"Mwana uja ndinamubereka ine," anatero azakhali. "Chibadwire sanandiyankhepo ndikamuchonderera. Lero wandiyankha ngati munthu amene anawamvapo kale mawu anga, n'kugona nawo, n'kuwakonzera yankho. Ine mawu amene aja ndinauza munthu mmodzi yekha."

Wailesi anayang'ana mapazi aja, ndi mankhwala ofiirira pakati pa zala. Akanatha kulankhula ndi mawu a munthu aliyense m'deralo, koma apa panafunika ake.

"Ndine, azakhali. Ndinamulankhulira ngati inu, kuti azolowere."

Azakhali anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe, ndipo sanamwetulire. Anavala nsapato yawo pang'onopang'ono, natambasula dzanja kuti Wailesi awadzutse. Ataima, dzanjalo sanalisiye.

"Mawa ukaweruka usapite kwanu," anatero. "Ubwere ku benchi langa, ndipo msuweni wako asadziwe. Undiperekeze kwa telala wanuyo. Ndikufuna ndikamuone m'maso munthu amene akuphunzitsa ana athu kuyankha makolo."